Ngongole ya Boma: Kodi Wobweza Ndani?

Tsiku lina Lachisanu, titangotuluka ku Swala ya Jumu'ah pa Mponela m'boma la Dowa, bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya ndi soya wa kumapiri a Ntchisi, adandigwira dzanja nandikokera pambali. "Mwalimu," adatero bamboyo, "inu mumatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ndi ngongole, mzimu wake umakhala womangika kufikira ngongoleyo itabwezedwa. Tsono pawailesi akuti Mmalawi aliyense, ndi khanda lomwe, wasenza ngongole ya boma. Ine sindidadinde chala paliponse. Ndikafa mawa, kodi imeneyinso ikandidikira kumanda?"

Ena amene adali pafupi adaseka, koma funsoli silinali lachibwana. Likukhudzanso inu abale a kunyanja. Usipa wa ku Salima umakwera msewu wa ku Mvera kukagulitsidwa m'misika ya ku Dowa, ndipo m'thumba mwa mlimi wa kumapiri mukauma, nsomba za msodzi zimagonera pathandala.

Tiyambe ndi nkhani ya banki imene alimi ambiri a kuno akuikumbukira. Malawi Savings Bank, kapena kuti MSB, idali banki ya boma. Idachokera ku Post Office Savings Bank, kumene makolo athu ankasunga ndalama ndi kabuku ku positi ofesi. M'kupita kwa nthawi bankiyi idakongoza ndalama zambiri kwa anthu ndi makampani ena akuluakulu amene sadabweze. M'chaka cha 2015, pamene nduna ya zachuma adali a Goodall Gondwe, boma lidagulitsa gawo lalikulu la MSB ku kampani ya FDH Financial Holdings. Koma lisanagulitse, lidasenza lokha ngongole zosabwezedwazo, zokwana pafupifupi K6 biliyoni, nkulonjeza kuti lidzalondola eni ake pambuyo pake.

Boma lidali ndi chifukwa chake. Lidati bankiyi idalibe mpamba wokwanira monga mwa malamulo a Reserve Bank, ndipo ikadagwa, olira akadakhala anthu wamba amene adasungako ndalama zawo. Mfundoyi njomveka. Komabe aphungu ena a Nyumba ya Malamulo ndi mabungwe omwe si aboma adatsutsa kwambiri, ndipo funso lawo lidali lofanana ndi la bambo wa ku Ntchisi uja: wadya ndi wina, nanga wolipira akhale wina bwanji? Pajatu boma lilibe munda. Ndalama zake ndi misonkho yathu.

Ambiri kumudzi amaganiza kuti msonkho ndi wa anthu a pantchito okha. Ayi ndithu. Mayi akagula katundu m'sitolo pa Madisi kapena mayunitsi a foni pa Malomo, mumtengomo muli kale msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri udali K16.50 pa K100 iliyonse. Mtengo wa petulo uli ndi timisonkho take, ndipo woyendetsa galimoto yonyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo amatiwerengera pa mlimi. Motero ngakhale munthu amene sadalowepo m'banki amaponya nawo m'thumba la boma tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya MSB ndi kadontho chabe poyerekeza ndi ngongole yonse ya dziko. M'chaka cha 2006, pansi pa ndondomeko ya HIPC, dziko lathu lidakhululukidwa ngongole zakunja zambiri, kuchoka pa madola pafupifupi 3 biliyoni kufika pochepera theka la biliyoni. Tidapuma. Koma mu 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, ndipo maiko otithandiza adaleka kuika ndalama zawo mu bajeti yathu. Kuyambira pamenepo maboma otsatizana adadalira kwambiri kukongola m'mabanki a m'dziko mom'muno pa chiwongoladzanja chokwera. Pofika 2024 ngongole ya boma idapyola K15 thililiyoni. Mu bajeti ya 2025/26, ndalama zoposa K2 thililiyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a bajeti yonse, zidapatulidwa kulipira chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe.

Zotsatira zake timaziona ndi maso. Ndalama yopita ku chiwongoladzanja siigula mankhwala m'chipatala, siikonza mlatho wokokoloka. Banki ikaona kuti boma likukongola pa phindu lalikulu, siivutikanso ndi mlimi wa maekala awiri, choncho mlimiyo amathera m'manja mwa a katapila. Ndalama zakunja zikasowa, kwacha imagwa mphamvu, monga idachitira ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo thumba la feteleza limakwera mtengo nthawi yomweyo. Akulu adati ngongole imakoma potenga.

Nanga Chisilamu chikutinji? Chipembedzo chathu sichikana kuti thumba la anthu onse lithandize wangongole. Mu Surah At-Tawbah, ndime 60, anthu olemedwa ndi ngongole ali m'gulu la oyenera kulandira Zakaat. M'mahadith a Imam Bukhari timamva kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adakana kuswalira Janaza ya munthu wina wangongole kufikira Swahaba Abu Qatadah (R.A.) atadzipereka kuibweza. Pambuyo pake, chuma cha Asilamu chitachuluka, Mtumiki (S.A.W.) ankabweza yekha ngongole za omwalira osasiya kanthu.

Koma taonani kusiyana kwake. Abu Qatadah (R.A.) adasenza ngongole ya mnzake mwa kufuna kwake, akuidziwa kukula kwake, anthu akuona. Ndipo amene ankathandizidwa ndi thumba la onse adali osauka olephereratu. Za munthu wachuma wozengereza kubweza pamene angathe, Mtumiki (S.A.W.) adaphunzitsa kuti kumeneko ndi kupondereza. Tsono kutenga msonkho wa mayi wogulitsa tomato nkukwirira nawo ngongole ya mwini malole si Zakaat, si chifundo. Ndi kutembenuza chilungamo chadodolido.

Tikumbukirenso kuti ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ndime 282 ya Surah Al-Baqarah, ikunena za ngongole: kuti ilembedwe, nthawi yobweza idziwike, ndipo pakhale mboni. Ngati Allah adalamula zimenezi pa anthu awiri okongozana, kuli bwanji ngongole yotengedwa m'dzina la mtundu wonse? Mboni zake ndife. Bajeti imakambidwa ndi kuvomerezedwa ndi aphungu amene tidawasankha tokha. Phungu akabwera kumaliro kapena kumsonkhano, tisamangompempha malata a mzikiti. Timfunsenso mwaulemu: chaka chino mwavomereza ngongole zingati, zogwirira ntchito yanji, ndipo amene adakongola ku MSB adabweza zingati?

Pakhomo pathunso tisachite zomwe tikudzudzula. Tipewe riba ngakhale zinthu zitathina. Tikakongozana, ngakhale pachibale, tilembe ndi kuitana mboni. Makomiti a Zakaat m'mizikiti yathu asaiwale mlimi amene fodya wake wabwezedwa ku okushoni ndipo ngongole ya feteleza yamukhala pakhosi. Ndipo ife amene tingathe kubweza tisadikire kuti mwini ndalama achite kutilondola.

Bambo wa ku Ntchisi uja ndidawayankha motere: "Bambo, khazikani mtima pansi. Qur'an ikutiphunzitsa kuti palibe adzasenze mtolo wa machimo a mnzake. Ngongole imene simudatenge siikakudikirani kumanda. Idzafunsidwa kwa amene adasaina ndi amene adadya. Koma pansi pano mukuibweza kale, ndipo adzukulu anu adzaipeza. Chifukwa chake kufunsa za iyo ndi udindo wanu."

Iwo adagwedeza mutu, nakwera njinga yawo kubwerera kumapiri. Allah awapatse atsogoleri athu mantha pa chuma cha anthu, ndipo ife atiteteze ku mtolo wa ngongole. Ameen.