Gasi wa AC akachepa m'galimoto yakale, yambani mwafufuza pomwe akudonthera

Nyengo yotentha ikafika, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, eni galimoto ambiri amakhamukira kwa amakaniko ndi dandaulo limodzi lakuti makina oziziritsa m'galimoto, omwe amadziwika ndi dzina loti AC, akutulutsa mpweya wofunda. Ambiri amafika atagamula kale kuti gasi watha ndipo amangofuna awathirire wina.

Koma gasi wa AC sapsa ngati petulo. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kotero kuti akachepa kwambiri ndiye kuti pali pena pomwe akudonthera. Kuthira wina asanapeze malo obookawo n'kutunga madzi ndi dengu, chifukwa pakangopita masabata ochepa vuto lija limabweranso ndipo ndalama zimakhala zapita.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri m'dziko muno kaamba koti galimoto zochuluka zomwe zili pamsewu zidabwera zitagwira kale ntchito kunja, makamaka ku Japan. Malabala ndi mapaipi a galimoto zotere amakhala atakalamba, pomwe fumbi la m'misewu ndi kutentha kwa m'maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga zimalemetsa makinawa.

Kuti munthu athe kulondola vuto, ayenera kudziwa kaye momwe AC imagwirira ntchito. Kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini, imapanikiza gasi mpaka kutentha kwambiri. Gasiyo amapita ku kondensa, chipangizo chooneka ngati rediyeta chomwe chimakhala kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, komwe amazizira n'kusanduka wamadzimadzi.

Kuchoka apo amadutsa pa kabowo kakang'ono n'kulowa mu evaporator, kuseri kwa dashibodi, komwe amasandukanso mpweya uku akuyamwa kutentha kwa m'galimoto. Fani yam'kati ndi yomwe imakankhira mpweya wozizirawo kwa okwera. Chimodzi mwa zipangizozi chikafooka, zotsatira zake zimakhala zofanana, ndipo ichi n'chifukwa chake kufufuza kuyenera kuyambira pa zinthu zotsika mtengo.

Choyamba ndi kuona ngati mpweya ukutuluka n'komwe. Ngati palibe chikutuluka, vuto limakhala pa fyuzi, mawaya kapena mota ya fani yam'kati. Ngati faniyo ikugwira ntchito pokhapokha akaiika pa liwiro lomaliza, kawirikawiri chimakhala chitapsa ndi kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku motayo.

Mpweya ukamatuluka wozizira koma mofooka, nthawi zambiri ndi sefa yam'kati yomwe yatsekeka ndi fumbi. M'galimoto zambiri za ku Japan sefayi imakhala kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu ka pa dashibodi, ndipo mwini galimoto angathe kuisintha yekha.

Chachiwiri ndi kumvetsera kompuresa. Injini ikulira ndipo boneti ili yotsekula, munthu wina akayatsa AC payenera kumveka kaphokoso koti "kha", ndipo pakati pa gudumu la kompuresa payenera kuyamba kuzungulira limodzi ndi lamba. Izi zikapanda kuchitika sizitanthauza kuti kompuresa yafa.

Makinawa ali ndi switchi yoteteza yomwe imaletsa kompuresa kuyamba ngati gasi wachepa kwambiri. Fyuzi yopsa, waya wosweka kapena mpata wokula pa klachi ya kompuresa zimabweretsanso chizindikiro chomwecho. Kulumikiza waya molambalala switchiyi kuti kompuresa izungulire mokakamiza n'kowononga, chifukwa oilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi, ndipo gasi akasowa kompuresa imauma n'kugwirana.

Chachitatu ndi kuona nthawi yomwe AC imasiya kuziziritsa. Ngati imazizira galimoto ikamathamanga koma n'kufunda ikaima pa mzere wa galimoto m'tauni, vuto limakhala kutsogolo. Mwina fani ya kondensa yafa, kapena kondensayo yamatika ndi matope, udzu ndi tizilombo. Kuitsuka ndi madzi osathamanga kwambiri kumathandiza, koma madzi amphamvu amapinda timasamba take topyapyala.

Dalaivala ayeneranso kuyang'anitsitsa muvi woonetsa kutentha kwa injini. Ukamakwera AC ikayatsidwa, makinawo azimitsidwe msanga ndipo rediyeta ndi mafani ziyambe zakonzedwa, popeza injini ndi yokwera mtengo kuposa AC.

Pali nthawi zinanso pomwe paipi yaikulu ya AC pansi pa boneti imakhala yozizira mpaka kuchita mame, koma m'galimoto mukutentha. Apa gasi alibe mlandu. Chomwe chimachitika n'chakuti kachitseko kosakaniza mpweya wotentha ndi wozizira kuseri kwa dashibodi kamakhala katakanirira mbali yotentha.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, ndi pomwe tsopano makaniko ayenera kuyeza gasi ndi mageji mbali zonse ziwiri za makinawo. Malo odontha amadziwika ndi dothi lonyowa ndi oilo pa mfundo za mapaipi, kutsogolo kwa kompuresa kapena pa kondensa pomwe pamagundidwa ndi timiyala ta pamsewu. Amakaniko amagwiritsanso ntchito thovu la sopo, utoto wapadera wowala ndi tochi yake, kapena mpweya wa nitrogen poyesa mapaipi. Mpweya wa oxygen wa owotcherera zitsulo suyenera kugwiritsidwa ntchito konse chifukwa ukakumana ndi oilo umaphulika.

Malo odontha akatsekedwa, ntchito yolongosoka imafuna kuti kabotolo koyamwa chinyontho, kotchedwa receiver drier, kasinthidwe ngati mapaipi adakhala otsekula. Kenako mpweya ndi chinyontho zipopedwe m'mapaipi kwa mphindi pafupifupi 30, gasi asanathiridwe. Chinyontho chikatsalira chimaundana pa kabowo kaja, ndipo AC imazizira kwa kanthawi, n'kusiya, n'kuyambanso.

Gasi amathiridwa pomuyeza pa sikelo. Mtundu wake ndi kulemera kwake zimalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa boneti, ndipo galimoto zing'onozing'ono zambiri sizifika kilogalamu imodzi. Gasi wopyola muyezo amachepetsa kuzizira komanso amalemetsa kompuresa.

Mtundu wa gasi nawo ndi wofunika kwa eni galimoto zakale kwambiri. Zambiri zomwe zidapangidwa chisanafike chaka cha 1994 zinkagwiritsa ntchito gasi wa R-12, yemwe adaletsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 loteteza mpweya wa ozone, womwe umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe ali m'panganoli, ndipo mayiko ongotukuka kumene adapatsidwa mpaka 2010 kuti asiye gasi wa mtunduwu.

M'malo mwake mudalowa R-134a, yemwe amafuna oilo wosiyana ndi wa R-12. Choncho galimoto ya R-12 imayenera kusinthidwa oilo, malabala ena ndi receiver drier isanalandire gasi watsopanoyu. M'chaka cha 2016 mayiko adagwirizananso ku Kigali, m'dziko la Rwanda, zochepetsa pang'onopang'ono gasi wa gulu la R-134a chifukwa amathandizira kutentha kwa dziko, ndipo galimoto zambiri zatsopano zimabwera ndi R-1234yf. Mitundu itatuyi siyenera kusakanizidwa.

Choopsa china ndi gasi wachinyengo. M'chaka cha 2011 makina oziziritsa makontena onyamula katundu adaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil ndi kupha anthu, atathiridwa gasi wosakanizidwa ndi mankhwala a R-40 koma wolembedwa kuti R-134a. Gasi wophikira nayenso sayenera kulowa mu AC ya galimoto chifukwa akadontha pafupi ndi injini kapena m'kati mwa galimoto angathe kuyaka.

Madzi odontha pansi pa galimoto AC ikamagwira ntchito asadetse nkhawa, popeza ndi chinyontho chochokera mu evaporator. Chodetsa nkhawa ndi pomwe madziwo akunyowetsa kapeti kumapazi a wokwera kutsogolo, chifukwa zikatero ndiye kuti kapaipi kotayira madzi katsekeka, ndipo pambuyo pake pamabwera fungo la nkhungu.

Pofuna kuti makinawa akhalitse, ndi bwino kuwayatsa kwa mphindi khumi sabata iliyonse ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kuti oilo azifika ku malabala n'kuwaletsa kuuma. Galimoto ikakhala padzuwa, mawindo ayambe atsekulidwa kuti mpweya wotentha utuluke AC isanayatsidwe.

Ndipo mwini galimoto akauzidwa kuti gasi watha, ali ndi ufulu wofunsa makaniko kuti amuonetse pomwe gasiyo watulukira asanalipire wina.