MBIRI YA MAGALIMOTO AKULU OYENDA NDI MAGETSI

Mwezi uno takutengerani mbiri ya kutsidya la nyanja, ku dziko la Amerika, kumene makampani akale opanga magalimoto anayesa cinthu cacikulu, nataya naco cuma cosawerengeka. Nonse muidziwa galimoto ija ya cipinda kutsogolo ndi bwalo la katundu kumbuyo, imene tiicha pikapu. Ndiyo itibweretsera feteleza, ndiyonso itengera odwala ku cipatala usiku. Ku Amerika anthu aikonda koposa. Kampani ya Ford iri ndi mtundu wace wochedwa F-Series, ndipo kuyambira caka ca 1977 palibe pikapu ina imene yaupambana pa malonda m'dzikomo. Magalimoto otere, pamodzi ndi aja okwera m'mwamba a mabanja amene awacha SUV, ndiwo adyetsa makampaniwo. Phindu la timagalimoto tating'ono ncocepa.

Kuyendetsa galimoto ndi magetsi si nzeru ya dzulo ai. M'zaka za m'ma 1900 kuciyambi, m'mizinda ya Amerika munali magalimoto ambiri a batire, ndipo ngakhale Clara Ford, mkazi wace wa Henry Ford, anali kuyenda pa galimoto ya magetsi ya kampani ina, yochedwa Detroit Electric. Koma mwamuna waceyo anatulutsa Model T mu 1908, yotsika mtengo. Ndipo mu 1912 kunafika kacipangizo kolizira injini popanda kupukusa ndi dzanja. Pamenepo petulo anapambana, ndipo ya magetsi inagona zaka pafupifupi 100.

Amene anaidzutsa ndi alendo pa nchitoyi. Kampani yatsopano ya Tesla inayamba kugulitsa galimoto yace Model S mu 2012, anthu naona kuti ya batire ikhoza kuthamanga ndi kufika kutali. Maboma naonso anali kudandaula ndi utsi umene uli kutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Tsono akale aja anacita mantha kuti ana a dzulo adzawalanda msika. Mu Seputembala 2021 kampani ina yatsopano, Rivian, inatulutsa pikapu yace ya magetsi. General Motors inatsata mu Disembala ndi cimphona cochedwa Hummer EV, ndipo Ford inayamba kupanga F-150 Lightning mu Epulo 2022 ku Dearborn, m'cigawo ca Michigan. Dzina lakuti Lightning litanthauza mphezi.

Kunena zoona, inali galimoto yokoma. Kutsogolo, kumene kukhala injini, kunali bokosi losungiramo katundu, lotsekeka bwino. M'bwalo lace munali polumikizira macheka ndi zipangizo zina za mmisiri, kotero kuti kalipentala akhoza kugwira nchito pakati pa thengo. Ndipo magetsi akazima, galimotoyo inali kutha kuunikira nyumba yonse masiku atatu, monga ananenera eni ace. (Tiganiza kuti amai amene aphika ndi kuwerengetsa ana pa koloboi angaikonde cifukwa ca ici cokha.) Anthu okwana 200,000 analembetsa maina kuti adzagule, pakumva kuti mtengo wotsikitsa udzakhala pafupifupi madola 40,000.

Bvuto linabisala m'kulemera. Petulo asunga mphamvu zambiri m'malo ocepa, ndipo thanki ipepuka pamene ulendo uli kupita. Batire ilemera cimodzimodzi, yodzala kapena yopanda kanthu. Galimoto yaikulu ifuna batire yaikulu, batire yaikulu ilemeretsa galimoto, ndipo galimoto yolemerayo ifunanso mphamvu zina kuti isunthe. Batire ya Hummer yokha ilemera makilogalamu ngati 1,300, ndiwo matumba 26 a cimanga, ndipo galimoto yonse ipitirira matani 4 isananyamule ngakhale nkhuku. Talingalirani munthu wa ulendo amene asenza kamba wolemera kuposa katundu amene anamtuma. Lightning inali kuyenda mailosi 230 ndi batire yace yaing'ono, ndi mailosi 320 ndi yaikulu, ikakhala yopanda mtolo. Koma mlimi wa ku Amerika agula pikapu kuti azikokera ngolo ya ng'ombe kapena ya udzu, ndipo amene anayesa kukoka ngolo yolemera anaona kuti mtunda uja watsika ndi theka, mwina koposa. Cisanu ca kumeneko ciucepetsanso. Thanki ya petulo idzala munthu asanathe kumwa tiyi; batire ifuna mphindi 40 kapena kuposerapo pa malo odzazira mofulumira, ndi usiku wonse pa nyumba. Kwa wa mu mzinda, amene galimoto yace igona pa khomo masiku onse, ici si kanthu. Kwa wa ku munda wakutali ndi nkhani ina.

Mtengo naonso sunakhale pamene analonjeza. Zitsulo za m'batire zinakwera, ndipo pofika Malichi 2023 Lightning yotsikitsa inali pafupi ndi madola 60,000. Anautsitsako pambuyo pace, koma ambiri olembetsa aja anali atabwerera kale. Cigawo ca Ford coona za magalimoto a magetsi cinataya madola 4.7 biliyoni mu 2023, ndi 5.1 biliyoni mu 2024, ndipo anchito a pa fakitale ya Lightning anacepetsedwa. Boma la Amerika linali kuthandiza wogula galimoto ya magetsi ndi madola ofika 7,500, koma thandizolo linatha pa 30 Seputembala 2025. Mwezi womwewo eni ace a mapikapu a Ram ananena kuti yao ya batire yokha sadzaipanganso, isanafike nkomwe pa msika. Mu Disembala 2025 Ford inaleka kupanga Lightning ya batire yokha, niwerenga kuti kusintha maganizo ace pa za magetsi kudzaidyera madola 19.5 biliyoni. Inati yolowa m'malo mwace idzayendabe ndi magetsi, koma idzanyamula kainjini ka petulo kodzazira batire pa njira, monga jenereta ija ya pa cipatala.

Wina angati, basi, za magetsi zatha. Ife sititero ai. Ku Norway, mwa magalimoto 10 atsopano ogulidwa mu 2024, pafupifupi 9 anali a batire yokha. Ndipo ku China, caka comweco, pafupifupi theka anali otha kudzazidwa ndi magetsi. Cimene cinakanika ndico kutenga galimoto yolemera kwambiri, ya ulendo wautali koposa, ndi kuyambira pomwepo. Tiyesa kuti akulu a makampaniwo anatsata phindu limene analizolowera, osafunsa bwino ngati katundu wotere ayenerana ndi batire ya masiku ano.

Nkhaniyi itikhudza ife kuno, ngakhale sitinaione Lightning pa mseu wathu. Galimoto ya magetsi idya mkuwa woculuka kuposa ya petulo, ndipo abale athu a ku migodi ya Zambia ndiwo ena okumba mkuwawo. Citsulo ca cobalt, cimene cilowa m'mabatire ambiri, magawo 7 mwa 10 a dziko lonse acokera ku Congo. Ndipo mwala wakuda wa graphite aukumba ku Balama, kumpoto kwa Mozambique. Kampani ya ku Michigan ikasintha maganizo, mtengo wa miyala iyi ugwedezeka, ndi nchito za okumba zigwedezeka nao.

Makampani ena asankha kuyenda pang'ono pang'ono. Ford yomweyo ipanga pikapu ya Ranger ya mphamvu ziwiri, petulo ndi batire, ku Silverton pafupi ndi Pretoria. Toyota, imene Hilux yace tonse tiidziwa, inaonetsa Hilux ya batire yokha mu Novembala 2025. Batire yace njaing'ono, yofika mailosi ngati 150, yoyenera nchito za pa mgodi kapena pa esiteti, pamene galimoto ibwera kudzagona malo amodzi madzulo onse. Ya dizilo sanaileke. Magalimoto ambiri afika kwathu atagwira kale nchito zaka zingapo kwina, podzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Tsono a magetsiwa adzatipeza mocedwa, batire zao zitayamba kutopa, m'midzi imene yambiri nthambo za magetsi sizinafike. Anyamata athu amene ali kuphunzira umakaniko adzakumana nao asanamere imvi, ndipo adzapeza kuti mulibe mapulagi, mulibe oilo wa injini wakuti asinthe, koma nthambo zofiirira za mphamvu yotha kupha munthu wozigwira mosadziwa.