Mapapo akauma, matumbo nawo amamva

Anthu akamva kuti ndimafufuza za matenda a m'mapapo, amadabwa kundipeza ndikuyeza matumbo a mbewa.

Mapapo abwino amakhala ofewa ngati chinkhupule. Akavulala kwa nthawi yaitali, thupi limatseka mabalawo ndi ulusi wolimba wotchedwa collagen, ndipo chipseracho sichifutukuka munthu akamakoka mpweya. N'zimene zimasautsa ena omwe anachira TB koma befu silikuwathera, komanso madoda amene anapuma fumbi la miyala m'migodi ya ku Joni.

Munthu wodwala sitingamudule matumbo pongofuna kuona, n'chifukwa chake timagwiritsa ntchito mbewa zoweteredwa mu labotale, komiti yoona za ufulu wa nyama itavomereza. Timazigoneka kaye, kenako n'kudontheza m'kholingo bleomycin, mankhwala a khansa odziwika ndi kuwononga mapapo. Pomatha masiku 21, zipsera zimakhala zitakhwima. Tikadula kachidutswa kopyapyala ka mapapo n'kukanyika mu utoto wa Masson, collagen yense amaoneka wabuluu pa maikulosikopu.

Nanga matumbo akulowapo bwanji? Mwana akamaumbika m'mimba, mapapo amaphuka kuchokera ku kachubu komwe kamadzakhalanso njira ya chakudya. Ndi pachibale. Mkati mwa matumbo muli timphukira tambirimbiri toyamwa chakudya, ndipo khungu lake ndi mzere umodzi wokha wa maselo ogwirana mwamphamvu. Kuseri kwa mzerewo kuli magazi, kutsogolo kwake mabakiteriya osawerengeka. Maselo amenewa amafuna okosijeni wambiri. Mapapo akalephera kumupereka, kwinaku magazi atanyamula timadzi toyambitsa kutupa, mfundo zogwirizira maselo zimatha kumasuka, ndipo zotuluka m'mabakiteriya zimadutsira m'magazi n'kukakolezera kutupa komweko. Tikapima ndowe za mbewazi timapezanso kuti mitundu ya mabakiteriya yasintha.

Apa m'pamene ndimalimbana ndi anzanga othamangira kulengeza. Mbewa yodwala imasiya kudya n'kuonda, ndipo njala payokha imafupikitsa timphukira tija. Choncho pafunika gulu lina la mbewa zabwinobwino zopatsidwa chakudya chochepa mofanana ndi zodwalazo, apo ayi tinamizira mapapo mlandu wa njala. Komanso mbewa yaing'ono yolandira bleomycin kamodzi, zipsera zake zimayamba kuzilala pakapita milungu, pamene za munthu zimakhalirira. Ofuna kutsanzira matenda amgonagona amabwereza mankhwalawo kangapo.

Wodwala mapapo akamadandaula za m'mimba kapena kuonda, ndimapempha madokotala kuti azilemba zimenezo m'buku lake la kuchipatala, pakuti ife a mu labotale timayambira pomwepo.