Kutchuna besi ya nsambo za mphira

Besi ya nsambo za mphira ndi chida choimbira chachifupi ngati gitala yaing'ono, koma chotulutsa mawu apansi ofanana ndi a besi yaikulu. Nsambo zake ndi zinayi, zonenepa komanso zofewa, ndipo zimatchunidwa pa manotsi E, A, D ndi G. Vuto lodziwika la chidachi ndi lakuti sichichedwa kuchoka pa tchuni. Nthawi zambiri si kuti chawonongeka, koma ndi khalidwe la mphira, ndipo woimba akhoza kulikonza yekha.

Mitundu yake

Mtundu wakale ndi Ashbory, umene Alun Ashworth-Jones ndi Nigel Thornbory anaupanga ku England. Kampani ya Guild inayamba kuugulitsa mu 1986. Nsambo zake ndi za mphira wa silikoni, ndipo mbali yolira ndi yotalika masentimita pafupifupi 46. Mtundu wina ndi U-Bass, umene kampani ya Kala ya ku California inatulutsa mu 2009 mogwirizana ndi Owen Holt wa Road Toad Music. Nsambo zake ndi za pulasitiki wotamuka ngati mphira, zotalika masentimita 51 mpaka 53. Pa besi yamagetsi yanthawi zonse, mbali yolira imakhala masentimita 86.

Chifukwa chake nsambo ndi zofewa

Kulira kwa nsambo kumadalira zinthu zitatu: kutalika, kulemera ndi kukungika kwake. Malamulo amenewa anafotokozedwa ndi Marin Mersenne wa ku France m'zaka za m'ma 1630. Nsambo yaifupi imalira pamwamba. Kuti ilire pansi, iyenera kukhala yolemera ndiponso yosakungika kwambiri. Noti ya E yapansi imafuna kuti nsambo injenjemere maulendo 41 okha pa sekondi, ndipo G imafuna maulendo 98. Mphira wonenepa amakwanitsa zimenezi pa chida chachifupi, koma amabweretsa mavuto ake.

Nsambo zatsopano

Mphira akakokedwa amapitiriza kutamuka pang'onopang'ono, monga amachitira malegeni omangira katundu pa njinga, amene amakhwepa akakhalitsa. Nsambo ikatamuka, mawu amatsika. Zatsopano zimachita zimenezi kwa masiku angapo, mwina masabata, zisanakhazikike. Mankhwala ake ndi kutchuna pafupipafupi ndi kuimba tsiku lililonse. Ena amakoka nsambo ndi zala kuti ikhazikike msanga, koma kukokako kuyenera kukhala kofatsa ndiponso kofanana m'litali monse. Kukoka pamalo amodzi kumaondetsa nsambo pamenepo, ndipo siibwereranso mwakale. Pachifukwachi oimba sasintha nsambo tsiku loti akaimbe pa ukwati kapena kutchalitchi.

Kumata ndi kuterereka

Kumutu kwa chida nsambo zimadutsa m'timipata, ndipo kumunsi zimagona pa mlatho. Mphira amamata pamalo amenewa. Woimba akapotokola kiyi, mbali imodzi ya nsambo imakungika pomwe inayo sinasunthe, kenako nsambo imatsetsereka yokha nyimbo ili mkati. Pofuna kupewa izi, nsambo imanyamulidwa pang'ono pa kampata potchuna kuti kukungika kufanane, ndipo m'kampatamo amapakamo mtovu wa pensulo. Mafuta a galimoto, parafini ndi mafuta odzola sayenera, chifukwa amawononga mitundu ina ya mphira. Nsambo za silikoni zikamamata ku zala, oimba amadzola paudala m'manja.

Kutchuna kumathera pokwera. Ngati mawu apitirira, nsambo imamasulidwa kufika pansi pa noti yofunikayo, kenako n'kuikweza pang'onopang'ono.

Nsambo ikamatamuka, yambiri imazengezeka pa kiyi mpaka mizere kusanjikizana. Mizere yotere imaterereka, mwinanso kukhula thabwa. Zikatero nsambo imamasulidwa yonse, yotsala imakokedwa ndi kudulidwa, n'kuizenganso maulendo awiri kapena atatu, mzere uliwonse pansi pa unzake. Zomangira makiyi zikakhwepa zimalimbitsidwanso.

Manotsi olakwika pa mafureti

Nthawi zina nsambo imalira bwino yosadinidwa, koma n'kulakwika ikadinidwa. Poyesa, woimba amadina pa fureti ya 12, imene ili pakati penipeni pa nsambo ndipo iyenera kutulutsa noti yomweyo koma yapamwamba. Choyamba kuunika ndi chala: nsambo yofewa imagubuduka kapena kukankhikira kumbali ikadinidwa mwamphamvu, motero imafuna kudina mopepuka, pafupi ndi fureti. Ngati vuto likupitirira, nsamboyo inapotoka poiika kapena inaonda mbali ina. Yopotoka imamasulidwa n'kuwongoledwa, koma yoonda imafuna ina.

Tizipangizo totchunira ndi mafoni ena amavutika kumva noti ya E yapansi. Njira yake ndi kugusa nsambo mopepuka pamwamba pa fureti ya 12 osaidina, n'kuiliza. Imatulutsa mawu apamwamba amene makina amamva mosavuta. Batire ya m'chida ikafooka, kachipangizo kamasocheretsanso. Ngozi yaikulu ndi kukweza nsambo kufunafuna noti ya dzina lomwelo yapamwamba, chifukwa nsambo imaduka, makamaka ya G, imene ndi yoonda kuposa zonse.

Nyengo ndi kasungidwe

Mphira amasintha kulimba malinga ndi kutentha. M'madera ngati kwa Zulu m'boma la Mchinji, kumene June ndi July amazizira pomwe October amatentha kwambiri, besi yotchunidwa m'mawa imafuna kutchunidwanso masana. Chida chikachokera padzuwa chimayamba chapumitsidwa pamthunzi chisanatchunidwe. Fumbi ndi thukuta zimapukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono. Kusamala kotere n'kofunika chifukwa nsambozi zimapangidwa kunja, monga za kampani ya Aquila ya ku Italy, ndipo kawirikawiri zimagulitsidwa zinayi pamodzi. Imodzi ikaduka, gulu loimba likhoza kukhala nthawi yaitali lopanda besi.

Kusiyana kwake ndi babatoni

M'Malawi muli besi yakeyake yotchedwa babatoni, ya nsambo imodzi. Inkamveka m'nyimbo za kwela za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndipo masiku ano imadziwika ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay komanso Yobu Maligwa wa Madalitso Band. Babatoni wa Nali ndi wamtali pafupifupi mamita atatu, nsambo yake ndi waya wa m'tayala, ndipo mawu amamveka kudzera pa chikopa cha ng'ombe. Apa mawu apansi amachokera ku kutalika, osati ku kufewa kwa nsambo. Popeza alibe mafureti, woimba amapeza noti ndi khutu poyendetsa botolo pa waya.

Chikopa chimakhwepa nthawi ya mvula, ndipo chimakungikanso chikawambidwa pamoto monga amachitira oimba ng'oma za gule wamkulu. Njira imeneyi siyenera kuyesedwa pa besi ya mphira, chifukwa moto umapindika thabwa, umamasula zomatira ndiponso umawonongeratu nsambo.