Nkhani Zobwera Zokha Pafoni

Masiku ano anthu ambiri sachita kusaka nkhani za ndale, zimawapeza zokha. Ukangoyatsa data m'mawa, gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la akubanja limakhala litadzaza kale ndi zithunzi, timavidiyo ndi uthenga wa mawu wa munthu wosatchula dzina lake, woyamba ndi kuti, "Abale anga tamverani, izi ndamva kwa munthu wamkati." Pofika masana umadziona ngati palibe chakuphonya m'dziko.

Kudziona kotereku akatswiri anakufufuza. Mu 2017, Homero Gil de Zúñiga ndi anzake anapeza kuti ku America anthu okhulupirira kuti nkhani yofunika iwapeza yokha pa masamba a mchezo amasiya kutsatira nyuzipepala ndi wailesi, ndipo pakapita nthawi amadziwa zochepa za ndale. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Chimene chimakupeza chokha ndi chimene chakwiyitsa kapena kudabwitsa amene wakutumizira. Ndondomeko ya zachuma ikaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, ndi angati amaigawa pagulu? Koma mphekesera yoti nduna yathawa ndi ndalama imafika paliponse nsima isanapse. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya MIT anaunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yochuluka kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza, ndipo bodza la ndale ndilo linkathamanga koposa. Ofalitsa kwambiri bodzalo anali anthu enieni, osati makina.

Alipo amene ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani. Bungwe la Africa Check, lomwe linayamba ku Johannesburg mu 2012, limatenga zimene wandale wanena, n'kufunsa kumene wazitenga, n'kuziyerekeza ndi zikalata ndi ziwerengero za boma, kenako n'kulengeza ngati n'zoona, n'zosocheretsa kapena n'zabodza. Ndi ntchito yolemekezeka, koma imafuna maola kapena masiku, pamene bodza lafika kale kumudzi. Komanso mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa, amawaona ndi otumizirana okha, choncho wotsimikiza nkhani sadziwa zimene zikuzungulira m'gulu lanu pokhapokha wina amutumizire. Eni WhatsApp anayesa kuchepetsa liwiro: anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera za kuba ana, mu 2019 anaika malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi. Koma kampani ya Meta, mwini Facebook, inalengeza mu Januwale 2025 kuti ikusiya kugwira ntchito ndi otsimikiza nkhani ku America.

Kwathu kuno palinso vuto la thumba. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha sangatsegule tsamba la nyuzipepala kuti aone ngati mutu wa nkhani umene wajambulidwawo unatulukadi. Amangoona chithunzi chokhala ndi chizindikiro cha wailesi yodziwika, chimene mnyamata aliyense wodziwa foni angachimate.

N'chifukwa chake ndimaona kuti chomuteteza munthu kwambiri ndi kudziwa mmene zinthu zimayendera, bodza lisanafike. Taonani nthawi ya chisankho. Mavoti amawerengedwa pamalo oponyera voti pomwepo, mamonita a zipani akuona, ndipo amasaina pepala la zotsatira. Wolengeza wopambana ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC lokha, ndipo lamulo limalipatsa masiku 8 pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Mu 2025 anthu anavota pa 16 Sepitembala, zotsatira n'kutuluka pa 24. Wodziwa zimenezi akalandira chithunzi usiku wa tsiku lovota chonena kuti uje wapambana dziko lonse, safuna katswiri womuuza kuti chimenecho sichingakhale chotsatira chovomerezeka.

Ndipo Amalawi anaonetsa kale kuti zinthu zozama amazitsata akapatsidwa mpata. Mlandu wa chisankho cha 2019, chija cha tipeksi, unkaulutsidwa pa wailesi, anthu n'kumamvetsera m'maminibasi, m'misika ndi m'magolosale. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo pafupifupi tsiku lonse, nathetsa zotsatirazo. Kuchokera pamenepo, ngakhale wogulitsa tomato ankatha kufotokoza kuti 50+1 ikutanthauza kuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Chidziwitso chimenecho chinabwera chifukwa anthu anamva okha mboni zikufunsidwa mafunso ndi maloya kwa miyezi ingapo, zikuwerenga mapepala a zotsatira limodzi ndi limodzi, m'chinenero chimene aliyense ankachimva.