Chifukwa chake odwala amaletsedwa kudya asanachitidwe opareshoni

Munthu wa kuno ku Domasi akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba kukachitidwa opareshoni, amauzidwa kuti asadye kanthu kuyambira usiku. Odikirira odwala ena amaona ngati nkhanza, mpaka amampatsa wodwalayo kaphala mobisa. Chifundo chotere chikhoza kutayitsa moyo.

Pa opareshoni yaikulu, monga ya m'mimba, wodwala amayamba wagonekedwa ndi mankhwala obayira mumtsempha. Kenaka amabayidwa ena ofooketsa minofu, kuti thupi lisagwedezeke komanso mimba ifewe pamene dokotala akugwira ntchito. Mankhwala oyamba a mtunduwu anachokera ku curare, ulembe umene alenje a ku South America ankapaka pa mivi yawo, ndipo dokotala Harold Griffith anawagwiritsa ntchito pa opareshoni ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1942.

Mankhwalawa amaimitsanso minofu yopumira. Ndiye chifukwa chake wogoneka odwala, amene kuno kwathu kawirikawiri amakhala clinical officer wophunzira ntchitoyi mwapadera, amalowetsa kapaipi kudzera pakamwa mpaka m'njira ya mpweya, ndi kumapumitsa wodwalayo ndi makina kapena pofinya thumba la mpweya. Kunsonga kwa kapaipiko kuli kachibaluni kamene amakapopa kuti katseke njirayo.

Ngozi yagona pa kanthawi kamene munthu wagona koma kapaipi sikanalowe. Pamenepo sangatsokomole kapena kumeza. Ngati m'mimba muli nsima kapena phala, zikhoza kubwerera kukhosi n'kutsikira m'mapapo pamodzi ndi asidi wa m'mimba, amene amawotcha mapapowo. Choncho pamafunika kuti papite maola 6 chidyereni chakudya, ndi maola 2 chimwereni madzi. Tiyi wamkaka ndi thobwa zimawerengedwa ngati chakudya.

Amayi obereka mwa opareshoni nthawi zambiri amabayidwa jakisoni wa kumsana ndipo amakhala maso, koma lamuloli limawakhudzabe, popeza zinthu zikasintha angafunike kugonekedwa.

Ngati wodwala wadya, musabise. Nenani chimene wadya ndi nthawi yake, pakuti achipatala ali ndi njira yolowetsera kapaipi mofulumira opareshoni ikakhala yadzidzidzi. Auzeninso za mano ogwedera, mankhwala azitsamba amene wamwa, ndiponso ngati wachibale wina anavutikapo atagonekedwa. Akatsitsimuka n'kumadandaula pakhosi kapena kuphwanya kwa thupi, musade nkhawa, zimatha pakapita masiku owerengeka.