Dimba la manyowa okhaokha: mdani amasintha ndi nyengo

Mvula ikangokata mu Epulo, madambo a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma amayamba kubiriwira. Anthu akamaliza kukolola amatsikira kudimba ndi makasu ndi makheni, kukafesa mpiru, repu, tchainizi, kabichi, anyezi ndi tomato. Pakati pawo pali alimi amene asiya feteleza ndi mankhwala a m'sitolo. Ena asiya mwadala poganizira nthaka ndi thanzi la ana awo, ena chifukwa mitengo yawakanika, makamaka kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kaya chifukwa chake n'chiti, ulimi umenewu umafuna luso, ndipo mlimi wosalidziwa akhoza kudwalitsa anthu omwe akufuna kuwateteza.

Tiyambe ndi manyowa, chifukwa vuto lalikulu lili pamenepo. Ndowe za ng'ombe ndi za nkhumba komanso zitosi za nkhuku zikakhala zaziwisi zimakhala ndi tizilombo monga E. coli ndi Salmonella, pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba. Mlimi akazithira pabedi lero n'kuthirira, madzi amathovukira pamasamba ndi patomato amene wina adzadye wosaphika. Mulu wa kompositi wopangidwa bwino, kaya wa chimato womata ndi dothi kaya wa changu wotembenuza pafupipafupi, ukhoza kutentha m'kati kupitirira madigiri 55, ndipo kutenthako n'kumene kumapha tizilomboti ndi njere za udzu. Kudziwa sikufuna chipangizo. Zikani ndodo pakati pa mulu, muizule pakapita masiku angapo. Ikatuluka yofunda ndi yachinyontho, mulu ukupsa. Ikatuluka yozizira, onjezani madzi ndi masamba aawisi. Manyowa okupsa sanunkha ndowe, amanunkhira dothi.

Juni ndi Julaye ndi miyezi yokoma. Madzi alipo pafupi m'zitsime, masamba amakondwa ndi chisanu. Koma aliyense amakhala nawo, ndiye mavenda opita ku msika wa Wakawaka mumzinda wa Lilongwe amagula mwa kufuna kwawo.

Nkhondo yeniyeni imayamba mu Seputembala. Zitsime zimaphwa, nazale za fodya nazo zikufuna madzi omwewo, nsabwe zimaunjikana pa repu ndi kabichi, kangaude wofiira amayanika tomato. Apa alimi ambiri amathamangira ku nimu, deliya, tsabola ndi ombwe, umene ena amati mthuthu. Ombwe ndi wamphamvu ndithu, chifukwa masamba ake ali ndi poizoni wa gulu la rotenone. Komabe kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 anapeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana pamaso, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zomera zimene anaziyeza m'Malawi zinalibe poizoniyo. N'chifukwa chake wina amapopera mbozi n'kufa, mnzake kupopera chimodzimodzi koma osaona kanthu. Ngati wanu sukugwira, katengeni njere kwa amene wake ukupha.

Ndiyenera kutsindika apa kuti chomera cha kutchire nacho chimavulaza. Ombwe kale ankaphera nsomba. Amene amatsukira ndowa yake mumtsinje wa Namitete kapena Nambuma akuwononga ndiwo za anzake akumunsi. Posinja ndi popopera tchingani pakamwa ndi pamphuno, poperani madzulo njuchi zitapita komanso dzuwa litachepa mphamvu, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole.

Pali mdani wina wosaoneka, wodziwika kwambiri kumadera olima fodya ngati amenewa. Tinyongolotsi ta m'nthaka timatupitsa mizu, mbewu n'kumanyala ngakhale yathiriridwa. Fodya, tomato, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, matenda awo amagawana. Kubzala tomato pomwe panali nazale ya fodya ndi kumupereka kwa adani. Kasinthasintha wa mbewu ndiye mankhwala ake.

Dzinja likafika, dambo limadzaza madzi ndipo chinyezi chimabweretsa chiwawu pa tomato. Mtengo wake umakwera nthawi imeneyi chifukwa ochepa ndiwo amamupulumutsa. Wopanda mankhwala amadalira mabedi okwera, kubzala motalikitsa, kuimika ndi timitengo, kuphimbira nthaka ndi udzu ndi kuchotsa masamba odwala msanga. Ngakhale atero, zaka zina amaluza. Ine ndimaona kuti nzeru ya dzinja ndi kulola bonongwe, luni, chisoso, nkhwani ndi chitambe, zomwe zimakula popanda kuzinyengerera, n'kufutsako zina. Ku Chitedze, banja la Stacia ndi Kristof Nordin la Never Ending Food lakhala likuonetsa kwa zaka zambiri kuti zakudya zamakolo zoterezi zikhoza kudyetsa banja chaka chonse.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamsika mpiru wa manyowa ndi wopoperedwa dzulo zimagulidwa mtengo umodzi, ndipo wogula amasankha wopanda chiboo. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo aphunzitsire limodzi kapsetsedwe ka manyowa ndi kagwiritsidwe ka ombwe. Inu ogula, funsani kumene ndiwo zachokera, musanyoze tsamba lobooka pang'ono, ndipo tsukani ndi madzi aukhondo musanadye.